Mapepala a Sukulu ndi Ntchito Yooneka ndi Maso: Chimene Chimalembetsa Wopanga Mawebusaiti

Kupanga mawebusaiti ndi imodzi mwa ntchito zochepa zaukadaulo zimene munthu amatha kuyamba popanda kupempha chilolezo ku bungwe lililonse. Dokotala sangayambe kuona odwala m'Malawi asanalembetse ku Medical Council of Malawi, ndipo loya sangaimire munthu pa mlandu asanavomerezedwe mwalamulo, koma amene akufuna kupangira sukulu, sitolo kapena bungwe tsamba la pa intaneti alibe kaundula woti alembetsemo dzina lake ngakhale mayeso a boma oti akhoze. Ufulu umenewu ndi umene wakolezera mtsutso wa maphunziro a kusukulu ndi luso lopezera pa ntchito, pakuti malo amodzi akalengezedwa amalimbiranidwa ndi wachinyamata amene wangotuluka kumene ku yunivesite ndi digiri ya sayansi ya makompyuta pamodzi ndi mnzake amene analekezera pa MSCE koma wakhala akupangira anthu mawebusaiti kwa zaka zingapo. Kuti adziwike woyenera ntchito mwa awiriwa, pafunika kumvetsa kaye chimene wolemba ntchito amaopa ndiponso umboni umene umamuchotsa manthawo.

Webusaiti ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoonekera kwa munthu amene watsegula tsamba pa foni kapena pa kompyuta, imene akatswiri amaitcha front-end, imamangidwa ndi zinenero zitatu, zimene ndi HTML yosanja mitu, ndime, zithunzi ndi mabatani, CSS yopereka maonekedwe monga mitundu ndi kukula kwa zilembo, ndi JavaScript imene imachititsa kuti tsamba lichitepo kanthu munthu akadina batani kapena akalemba mu fomu. Mbali yobisika, yotchedwa back-end, imagwira ntchito pa seva, imene ndi kompyuta yoyaka usana ndi usiku kuyankha onse otsegula tsambalo, ndipo kumeneko n'kumene kumakhala database, malo osungiramo mayina, mitengo ya katundu ndi mbiri ya malipiro mwadongosolo. Malangizo onse amene katswiri amalembera kompyuta m'zinenero zimenezi amatchedwa code.

Okonda kunena kuti sukulu ilibe ntchito amathamangira ku mbiri ya intaneti, koma mbiriyo siwaikira kumbuyo monga mmene amaganizira. N'zoona kuti amene anayambitsa mawebusaiti sanawaphunzire m'kalasi, chifukwa panalibe kalasi yophunzitsa chinthu chimene chinali chisanakhaleko. Tim Berners-Lee, amene analemba maganizo a World Wide Web mu 1989 akugwira ntchito ku CERN kufupi ndi mzinda wa Geneva, anali ndi digiri ya fizikisi yochokera ku Oxford. Brendan Eich, amene anapanga JavaScript ku kampani ya Netscape mu 1995, anali ndi digiri yachiwiri ya sayansi ya makompyuta. Naye Rasmus Lerdorf wa chinenero cha PHP anaphunzira uinjiniya ku University of Waterloo ku Canada. Onsewa anali anthu ophunzira kwambiri amene analowa m'ntchito yatsopano atanoledwa kale m'masamu ndi m'kaganizidwe ka sayansi. Chitsanzo chenicheni cha mbali inayo ndi Matt Mullenweg, amene pamodzi ndi Mike Little anayambitsa WordPress mu 2003 kenako n'kusiya yunivesite asanamalize, ndipo lero mawebusaiti oposa 40 mwa 100 alionse padziko lapansi amayendera pulogalamu imeneyi. Komabe nkhani za anthu oterewa zimatchuka chifukwa ndi zosowa, ndipo za anzawo ambiri amene anasiya sukulu n'kulephera sizilembedwa ndi aliyense.

Vuto la wolemba ntchito analifotokoza bwino katswiri wa zachuma Michael Spence m'nkhani yake ya mu 1973, imene inathandiza kuti alandire mphotho ya Nobel mu 2001. Iye anaonetsa kuti wolemba ntchito sadziwa luso lenileni la wofunsira kufikira atamulemba ndi kugwira naye ntchito kwa kanthawi, motero amadalira zizindikiro zimene munthu wopanda luso angavutike kuzipeza. Digiri ndi chizindikiro chotero, popeza ngakhale itakhala kuti sinaphunzitse chilichonse chokhudza mawebusaiti, imachitira umboni kuti mwini wakeyo anasankhidwa pakati pa anthu ambiri, anapirira zaka zinayi, amatha kuwerenga zinthu zovuta ndiponso amamaliza ntchito pa nthawi yoikika. Kulemba munthu wolakwika kumadyera kampani miyezi ya malipiro, kumataya nthawi ya akatswiri akuluakulu omuyang'anira, ndipo nthawi zina kumaithawitsira kasitomala, choncho bwana amene walandira makalata ofunsira ntchito mazanamazana amagwiritsa ntchito pepala la sukulu ngati njira yachangu yochepetsera muluwo, ngakhale akudziwa kuti ena mwa otayidwawo angakhale aluso kuposa otsalawo.

Chimene chimasiyanitsa ntchito ya mawebusaiti ndi ntchito zina n'chakuti ili ndi chizindikiro china champhamvu kuposa pepala, chimene ndi ntchito yeniyeniyo. Munthu wofuna telala safunsa kumene telalayo anaphunzira, amangotembenuza diresi limene lapachikidwa pakhonde n'kuona mmene msoko wayendera mkati. Webusaiti imatembenuzika chimodzimodzi, chifukwa aliyense angaitsegule, kuona ngati ikufulumira, kuiyesa pa foni yotsika mtengo, ngakhalenso kuwerenga code ya mbali yake yoonekera. Mu 2005 Linus Torvalds anapanga pulogalamu ya Git, imene imasunga mbiri ya kusintha kulikonse kumene kwachitika mu code, kuphatikizapo dzina la wosinthayo, tsiku ndi chifukwa chake, ndipo mu 2008 panabwera GitHub, malo a pa intaneti amene anthu amaikapo ntchito zoterezi poyera, amene kampani ya Microsoft inawagula mu 2018 pa mtengo wa madola 7.5 biliyoni. Katswiri wofunsa mafunso akatsegula tsamba la GitHub la wofunsira ntchito, m'mphindi zochepa amazindikira ngati munthuyo anangokopera phunziro la pa vidiyo tsiku limodzi n'kulisiya, kapena ngati wakhala akubwerera ku ntchito imodzimodzi kwa miyezi, kukonza zolakwika zimene ogwiritsa ntchito akudandaula ndi kulemba momveka chimene wasintha.

Phindu lenileni la yunivesite lili m'zinthu zimene sizitha msanga. Zida za ntchitoyi zimakalamba mofulumira kwambiri: jQuery inabwera mu 2006 n'kufala paliponse, AngularJS ya Google inabwera mu 2010, React ya Facebook inatulutsidwa poyera mu 2013, ndipo Flash, imene anthu ambiri anadyerapo kwa zaka zoposa 10 popanga makanema ndi masewera a pa mawebusaiti, kampani ya Adobe inasiya kuisamalira kumapeto kwa 2020. Amene luso lake lonse linali pa chida chimodzi anayambiranso pachiyambi. Pamene zidazi zimabwera ndi kupita, njira yosungira deta m'matebulo olumikizana imene Edgar Codd wa ku IBM anaifotokoza mu 1970 ikugwirabe ntchito mpaka lero, pamodzi ndi chinenero cha SQL chofunsira mafunso ku database. Zimenezi, pamodzi ndi maphunziro a kayendedwe ka netiweki ndi a algorithm, kutanthauza ndondomeko ya masitepe othetsera vuto, n'zimene zimadzaza zaka zinayi za ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS mu Blantyre, ku MUST ku Thyolo kapena ku Mzuzu University.

Kufunika kwa maphunzirowa kumaoneka bwino pa chitsanzo cha webusaiti yofufuza mayina olembedwa kawiri m'kaundula wa ophunzira. Njira imene imabwera msanga m'mutu ndi kutenga dzina lililonse n'kuliyerekeza ndi mayina ena onse, ndipo pa mayina 100 kompyuta imayerekeza pafupifupi maulendo 10,000, zimene imamaliza munthu asanaphethire. Mayinawo akafika 100,000, njira yomweyo imafuna kuyerekeza pafupifupi maulendo mabiliyoni 10, ndipo seva imalemedwa mpaka tsamba kukanika kutseguka. Amene anaphunzira za algorithm amadziwa kuti mayina akasanjidwa kaye motsatira alifabeti, dzina limodzi limapezeka pakati pa 100,000 m'masitepe osaposa 17 pongodula mndandanda pakati mobwerezabwereza, ndipo amadziwanso kuti database ili ndi chida chotchedwa index chimene chimagwira ntchito yofanana ndi imeneyi. Wodziphunzitsa yekha angapange mawebusaiti ang'onoang'ono kwa zaka zisanu osakumana ndi vuto limeneli, kenako n'kudzakumana nalo tsiku limene anthu masauzande akufuna kuona zotsatira za mayeso nthawi imodzi.

Chimodzimodzinso ndi chitetezo. Pali njira yothyolera mawebusaiti yotchedwa SQL injection, imene wakuba amalemba malangizo a database m'bokosi lofunika dzina kapena nambala, ndipo webusaiti yolembedwa mosasamala imamvera malangizowo n'kutulutsa zinsinsi zonse. Njirayi yakhala ikudziwika kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndipo kuitseka n'kosavuta, komabe mu 2015 inagwiritsidwa ntchito kuba mbiri ya makasitomala pafupifupi 157,000 a kampani ya mafoni ya TalkTalk ku Britain, kudzera pa masamba akale amene kampaniyo inatengera kwa kampani ina imene inagula, ndipo chaka chotsatira inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 400,000. Zinthu zotere munthu amazidziwa pokhapokha wina atamuuza kuti zilipo, ndipo ubwino wa silabasi n'ngwakuti imakakamiza wophunzira kukumana ndi mitu imene sakanaisankha yekha.

Komabe pali zambiri zimene kalasi singaphunzitse. Ntchito ya kusukulu imayambira pa tsamba loyera, imakhala ndi funso lomveka bwino, imachongedwa kamodzi n'kuiwalika, pamene ntchito ya kukampani nthawi zambiri imakhala yolowa mu code imene analemba munthu wina amene anachoka kalekale osasiya malongosoledwe, n'kusinthamo kanthu kamodzi popanda kuphwanya zina zonse. Kasitomala safotokoza chimene akufuna m'chinenero cha akatswiri, amangoti tsamba silikugwira, ndipo zimatengera kuleza mtima kuti munthu apeze kuti vuto ndi chithunzi cholemera chimene chikutha bandulo ya wogula pa netiweki yofooka. Wopanga mawebusaiti m'Malawi amaphunziranso pa ntchito kuti anthu ambiri adzatsegula tsamba lake pa foni yaing'ono, kuti malipiro adzadzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndiponso kuti ayenera kuganizira chimene chidzachitike ndalama zikachoka kwa wogula koma uthenga wotsimikizira n'kusochera panjira. Kusunga makope a database pamalo ena, kuyesa zosintha zisanafike kwa anthu, kuuza bwana msanga kuti ntchito ichedwa, zonsezi zimalowa m'mutu munthu akaonapo webusaiti yeniyeni itagwa pamene foni ya kasitomala ikulira.

Apa mpofunika kusiyanitsa luso ndi kuchuluka kwa zaka, pakuti zilengezo za ntchito zimasokoneza ziwirizi. Munthu amene kwa zaka zisanu wakhala akungosintha mitundu ndi zithunzi pa maonekedwe ogula kale a WordPress ali ndi zaka zisanu pa CV, koma luso lake likhoza kuchepera la amene wathera chaka chimodzi akusamalira webusaiti imene anthu amalipirirapo ndalama tsiku ndi tsiku. Zaka zimene zimalembedwa m'zilengezo nazonso nthawi zina zimangoikidwa mwachizolowezi ndi anthu a ku ofesi yolemba antchito amene sadziwa zidazo. Mu 2020 Sebastián Ramírez anadabwitsa anthu atanena kuti anaona chilengezo chofuna munthu wa zaka zoposa zinayi pa chida cha FastAPI, pamene iye mwini, amene anachipanga, anali atachigwiritsa ntchito kwa chaka chimodzi ndi theka chokha chifukwa m'mbuyomo kunalibe. Wofunsira amene ali ndi ntchito yooneka asagwe mphwayi ndi nambala ya zaka yokha.

Popeza mapepala ndi zaka zonse zikhoza kunamiza, makampani ambiri a mapulogalamu amayesa okha ofunsira. Mayeso otchuka kwambiri ndi FizzBuzz, amene anafala mu 2007: wofunsira amauzidwa kuti alembe pulogalamu yotulutsa manambala kuyambira 1 mpaka 100, koma pa nambala yogawika ndi 3 ilembe Fizz, pa yogawika ndi 5 ilembe Buzz, ndipo pa yogawika ndi zonse ziwiri ilembe FizzBuzz. Ntchitoyi ndi ya mizere yochepa, ndipo inatchuka chifukwa olemba ntchito ankadandaula kuti ofunsira ena okhala ndi mapepala abwino ankaikanika. Pambuyo pa mayeso oterewa pamabwera kantchito kokachitira kunyumba kapena kukonza code limodzi ndi katswiri wa pakampanipo, ndipo pofika apa palibenso amene amafunsa za sukulu. Digiri imathandiza munthu kuitanidwa ku intavyu, koma mkati mwa chipindamo amadziimira yekha.

Kwa zaka zingapo makampani akuluakulu a ku America, monga IBM ndi Google, akhala akulengeza kuti ntchito zawo zambiri sizifunanso digiri, ndipo mu 2013 Laszlo Bock, amene ankayang'anira zolemba antchito ku Google, ananena kuti magiredi a ku yunivesite sathandiza kulosera mmene munthu adzagwirire ntchito, kupatula pang'ono kwa amene angomaliza kumene. Zilengezo zimenezi ziyenera kuwerengedwa mosamala. Kafukufuku wa Harvard Business School ndi Burning Glass Institute amene anatuluka mu 2024 anapeza kuti kuchotsa digiri pa zilengezo kunasintha zinthu kwa munthu wosakwana mmodzi mwa 700 alionse olembedwa ntchito ku America, kusonyeza kuti mawu anasintha koma mabwana osankha anthu anapitiriza chizolowezi chawo. Nako kufufuza kwa webusaiti ya Stack Overflow kwa mu 2020 kunaonetsa kuti pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse olemba mapulogalamu amene anayankha anali ndi digiri, ngakhale kuti si onse amene digiri yawo inali ya makompyuta.

Kulemera kwa pepala kumadaliranso khomo limene munthu akugogoda. M'boma, m'mabanki, m'mayunivesite ndi m'mabungwe akuluakulu omwe si aboma, giredi ndi malipiro zimamangiriridwa ku mapepala a sukulu, kawirikawiri ochokera ku sukulu yovomerezedwa ndi National Council for Higher Education, ndipo kalata yopanda pepala lofunikalo imagwa isanafike m'manja mwa katswiri amene akanatha kuyamikira lusolo. Makampani ang'onoang'ono opangira ena mawebusaiti, amalonda ofuna tsamba lawo ndi makasitomala akunja olemba anthu maganyu kudzera pa intaneti amafunsa kaye zimene munthu wapangapo. Kwa ofuna kukagwira ntchito kunja, malamulo a visa ndi amene amalamula: visa ya H-1B ya ku America imafuna digiri kapena chofanana nayo, ndipo powerengera amatenga zaka zitatu za ntchito kukhala chaka chimodzi cha ku koleji, pamene dziko la Germany kuyambira mu 2023 limapereka chilolezo cha EU Blue Card kwa akatswiri a makompyuta opanda digiri ngati agwirapo ntchito yofanana nayo kwa zaka zitatu.

Pakati pa yunivesite ndi kudziphunzitsa pali maphunziro ofulumira a miyezi yochepa otchedwa bootcamp, amene anayamba kufala ku America cha m'ma 2012. Ena athandiza anthu, koma Dev Bootcamp, imodzi mwa zoyambirira, inatsekedwa mu 2017, ndipo satifiketi ya maphunziro oterewa payokha silemera kwenikweni pamaso pa olemba ntchito. Phunziro lalikulu kwa Afrika linachokera ku Andela, kampani imene inayambira ku Lagos mu 2014 ndi cholinga chosankha achinyamata aluso, kuwaphunzitsa ndi kuwapezera ntchito ku makampani akunja. Mu September 2019 inachotsa akatswiri ongoyamba kumene pafupifupi 400 ku Nigeria, Kenya ndi Uganda, ponena kuti makasitomala ake ankafuna anthu okhwima pa ntchito. Achinyamatawo anali ophunzitsidwa bwino, koma msika unkagula zaka za ntchito yeniyeni.

Zinthu zathina kwambiri kwa oyamba kumene kuyambira mu 2022, pamene makampani akuluakulu anachotsa antchito ambiri, monga Meta imene inachotsa 11,000 mu November chaka chimenecho ndi Google imene inachotsa 12,000 mu January 2023, komanso pamene mapulogalamu monga ChatGPT ndi GitHub Copilot anayamba kulemba code yosavuta imene kale inkapatsidwa kwa ongoyamba. Zida zimenezi zachepetsanso mphamvu ya tsamba lokongola ngati umboni, popeza aliyense angalitulutse madzulo amodzi. Chimene chatsala ndi kutha kufotokoza chifukwa chimene code yalembedwera motero, kuzindikira pamene makina alakwitsa, ndi kuonetsa webusaiti imene yatumikira anthu enieni kwa nthawi, ndipo zimenezi zimafuna maziko a maphunziro ndi kuzolowera ntchito pamodzi.

Choncho amene wapeza malo ku yunivesite asawataye chifukwa cha nkhani za anthu olemera amene anasiya sukulu, koma asadikirenso chaka chachinayi kapena nthawi ya attachment kuti akhudze ntchito yeniyeni. Kuyambira chaka choyamba angapangire webusaiti sukulu ya kwawo, mpingo, kalabu ya alimi kapena sitolo ya m'bale wake, n'kuisamalira mpaka adzamalize maphunziro, kuti tsiku la intavyu adzakhale ndi tsamba lotsegula ndi mbiri ya mavuto amene anawathetsa. Amene sanapeze malo ali ndi maphunziro aulere a freeCodeCamp, malongosoledwe a MDN a bungwe la Mozilla ndi kosi ya CS50 ya ku Harvard, ngakhale kuti laputopu, bandulo ndi magetsi odalirika si zaulere, ndipo malo osonkhanira achinyamata a zaukadaulo monga mHub ku Lilongwe kapena BongoHive ku Lusaka angamuthandize kupeza anzake omuwerengera code. Iye ayambe ndi maganyu ndi makampani ang'onoang'ono, adzikakamize kuphunzira database, algorithm ndi chitetezo ngakhale kasitomala sanazifunse, ndipo ndalama zikayamba kulowa alembetse dipuloma kapena digiri ya madzulo kapena ya kumapeto kwa sabata pa sukulu yovomerezeka, chifukwa tsiku limene adzafune ntchito ya boma, ya banki kapena visa ya ku America adzafunsidwa pepala.